MLAKATULI PA BWALO: MBIRI YA MQHAYI WA KWA AXHOSA

Ambiri a ife tinayamba kukomana ndi liu lakuti ndakatulo m'sukulu. Mphunzitsi anatipatsa mau akuti tiloweze pamtima, ife tinawanena titaima njo, manja kumbuyo, ndipo titaturuka sukulu tinawasiya komweko pamodzi ndi sileti. Cifukwa ca ici munthu akamva kuti pa wailesi akamba za alakatuli ayesa kuti ndi nkhani ya ana, kapena ya anthu ophunzira amene alibe nchito ya manja. Koma kuli maiko kumene mlakatuli anali ndi malo ace pa bwalo monga nduna iri ndi malo ace, ndipo mafumu anali kumcitira mantha. Lero ndifuna kupita nanu ku dziko la Axhosa, kum'mawa kwa Cape m'dziko la South Africa, kuti tione moyo wa munthu mmodzi, Samuel Edward Krune Mqhayi, ndi zimene zinagwera nchito yace iye atapita.

Tiyambe ndi nchitoyo. Kwa Axhosa, monganso kwa Azulu, mfumu yaikuru inali ndi munthu wochedwa imbongi, ndipo mau ace anali kuchedwa izibongo. Pa tsiku la msonkhano, anthu atakhala pansi, imbongi inali kutumphira pakati pa bwalo itabvala cikopa ca nyama ndi cisoti ca cikopa, mikondo iri m'manja, ndi kuyamba kupfuula ndi liu lokakala, mofulumira, osapuma kufikira mpweya utatha. Inali kuchula maina a mfumu ndi a makolo ace, nkhondo zimene anamenya, mitsinje imene anaoloka, ng'ombe zimene analanda. Sinali kulemba kanthu, ndipo mau ambiri inali kuwapeka pomwepo, anthu akuona. Inu a kwa Mpezeni simudzadabwa nazo izi, pakuti makolo anu anaoloka nao mwambo umenewu mtsinje wa Zambezi m'caka ca 1835, ndipo amene munapitako ku Nc'wala ku Mtenguleni munamva mfumu ikutamandidwa motero.

Azungu oyamba kulemba za munthu ameneyu anamucha woimba zotamanda, ndipo dzinalo linabisa theka la nchito yace. Imbongi inali ndi ufulu umene ngakhale nduna inalibe. Inali kukhoza kunena pa bwalo kuti mfumu ndi yaumbombo, kuti yaiwala anthu ace, kuti inacita mantha pa nkhondo, osapalamula mlandu. Inali kunena mophiphiritsa, inde, koma onse anali kumva. Nanga mfumu inali kulekerera bwanji? Cifukwa cace ndi ici. Masiku amenewo dziko linali lalikuru, ndipo anthu akatopa ndi mfumu anali kungomanga akatundu, kukusa ng'ombe zao ndi kukagwira mwendo wa mfumu yina. Mfumu yothawidwa inali kutsala ndi dzina lokha. Tsono kunali kwabwino kwa iyo kumva madandaulo m'kamwa mwa imbongi anthu asanasamuke, kusiyana ndi kudzuka m'mawa ndi kupeza mabwinja. Akuru athu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo ife tomwe tidziwa kanthu kofanana nako: mkazi wa ku mudzi akasauka ndi mwamuna kapena ndi apongozi, aimba cisoni cace pa mtondo, mudzi wonse umva, koma palibe amene angamtengere ku bwalo cifukwa ca nyimbo. Cimene mkazi acita pa mtondo, imbongi inali kucita pamaso pa mfumu, m'malo mwa dziko lonse.

Mqhayi anabadwa pa 1 December 1875 m'cigwa ca mtsinje wa Tyhume, pafupi ndi tauni ya Alice. Anabadwa nthawi yoipa. Axhosa anali atamenyana ndi Azungu, poyamba Mabunu, pambuyo pace Angerezi, kwa zaka pafupi-fupi 100 kuyambira 1779, ndipo nkhondo yotsiriza, yacisanu ndi cinai, inabuka mu 1877 iye akali khanda. Mu 1878 mfumu Sandile anaphedwa, ndipo mphamvu ya mafumu inayamba kuthera m'manja mwa oweruza a Boma. Mabwalo amene imbongi inali kuimapo anacepa. Nchito imeneyi ikadafa m'zaka zimenezo, palibe amene akadadabwa.

Cimene cinamphunzitsa mnyamatayu za kwao ndi njala. M'caka ca 1885 kunagwa njala, ndipo atate wace anapita naye ku Centane, tsidya lija la mtsinje wa Kei, kumene anakhala zaka 6 pa mudzi wa mbale wao Nzanzana, mwini dera. Kumeneko anaweta ng'ombe, nakhala m'mbali mwa bwalo kumvetsera akuru akuweruza milandu m'Cixhosa cakale, cosasanganiza ndi ca m'tauni. Atafika zaka 15 anapita ku Lovedale, sukulu yaikuru ya amisyoni a ku Scotland, yomwe ija inatumiza William Koyi kukalalikira kwa Angoni a kumpoto kwa Malawi, naphunzira za uphunzitsi. Sukulu za misyoni zinapatsa ana ambiri colembera, koma ambiri a anawo anafika kumeneko asanamvepo mlandu ndi umodzi womwe ukuweruzidwa pa bwalo la kwao, ndipo anaturuka osafunanso kuumva. Mqhayi anafika ndi makutu odzaza kale, ndipo colembera cinangopeza cocita.

Iye anaona msanga kuti bwalo lasamuka. Anthu anali atabalalika, ena ku madoko, ena ku migodi ya golide ku Johannesburg, ndipo cimene cinali kuwafika onse ndi nyuzipepa. Anayamba kulemba mu Izwi Labantu, nyuzipepa ya ku East London imene inayamba mu 1897. Pambuyo pace anagwira nchito ya ukonzi pa Imvo Zabantsundu, imene John Tengo Jabavu anayambitsa mu 1884. Mfumu ikafa, Boma likaika lamulo, mtsogoleri akabwera kucokera kutsidya la nyanja, owerenga anali kuyembekeza kuona cimene Mqhayi adzanena. Iye sanali imbongi ya mfumu imodzi monga akale, ndipo anthu anamucha Imbongi Yesizwe Jikelele, ndiko kunena imbongi ya mtundu wonse. Zambiri za zolemba zace zinaturuka mu Umteteli wa Bantu, nyuzipepa imene inayamba mu 1920 ndi ndalama za bungwe la eni migodi. Inu a ku migodi simusowa wokuuzani cimene eni migodi afuna akalipira nyuzipepa ya anchito ao. Koma inali kufika m'makomboni, ndipo Mqhayi anatumizamo mbiri za mafumu ndi za ngwazi za Axhosa, kuti anyamata okumba golide adziwe kumene anacokera.

Pano ndipatuke pang'ono, pakuti nyuzipepa inatsegula khomo limene bwalo linali litatseka. Pa bwalo la mfumu imbongi inali mwamuna. Koma mu Umteteli momwemo, kuyambira 1920 kufikira 1929, munaturuka ndakatulo pafupi-fupi 100 za mkazi wina wa ku Johannesburg, Nontsizi Mgqwetho, amene anadzudzula atsogoleri akuda a nthawi yace mosapsatira, cifukwa ca kukangana kwao ndi kudzikonda kwao. Atatonthola anaiwalika konse, kufikira 2007 pamene Jeff Opland anasonkhanitsa zolemba zace m'buku. Kwa zaka zoposa 70 mau a mai ameneyu anagona m'mapepala akale osawerengedwa.

Mu 1914 Mqhayi anaturutsa buku lace lochuka, Ityala Lamawele, nkhani ya mlandu wa mapasa awiri olimbirana ukuru pa bwalo la mfumu Hintsa, amene asilikali a Angerezi anamupha mu 1835. Colinga cace cinali kuonetsa kuti Axhosa anali ndi malamulo, mboni ndi oweruza Mzungu asanabwere. Pamene analikonza kuti liwerengedwe m'masukulu, zigawo zina zonena za mbiri zinacotsedwa. Iye mwini anaphunzitsa ku Lovedale kwa zaka zowerengeka, nacoka cifukwa sanamvane ndi eni sukulu pa za kaphunzitsidwe ka mbiri ya dziko. Mu 1925 anakhazikika pa kaphiri kena pafupi ndi tauni yaing'ono ya Berlin, nakacha Ntab'ozuko, ndilo Phiri la Ulemerero.

Tibwerere pang'ono m'mbuyo, ku nkhondo ya 1914, pakuti pamenepo tiona bwino cimene mlakatuli angacitire mtundu. Boma la South Africa silinafune kupatsa anthu akuda mfuti, koma linafuna manja ao, ndipo mu 1916 linayamba kulemba amuna akuti akagwire nchito ku France: kutsitsa akatundu m'madoko, kukonza miseu, kudula mitengo. Mqhayi analemba ndakatulo yolimbikitsa amuna kuti apite. Ici tisabise. Iye, monga ophunzira ambiri a nthawi yace, anakhulupirira kuti munthu wakuda akathandiza Mfumu ya Angerezi pa tsiku la tsoka, Mfumuyo idzamkumbukira pa tsiku la mtendere. Pa 21 February 1917, mbanda kuca, sitima ya pamadzi yochedwa Mendi, itanyamula amuna oposa 800 a gulu limeneli, inali kuyenda m'nkhungu yaikuru pafupi ndi cisumbu ca Isle of Wight, kumwera kwa England. Sitima yina yaikuru koposa, Darro, inaigunda m'nthiti, ndipo pasanapite theka la ora Mendi inamira. Darro sinatsitse mabwato kukapulumutsa anthu. Anafa anthu 646, ndipo oposa 600 a iwo anali akuda.

Nkhondo itatha, Boma la South Africa linakana kuti amuna akuda a gululi alandire mendulo ya nkhondo, ndipo kwa zaka zambiri silinasamale kukumbutsa anthu za Mendi. Cimene cinasunga dzinalo ndi pakamwa pa anthu: misonkhano ya cikumbutso ya caka ndi caka, ndi ndakatulo ya Mqhayi ya kumira kwa Mendi, imene ana a Axhosa analoweza mibadwo ndi mibadwo. M'ndakatulomo sanatukwane munthu. Anatenga imfa yopanda pace ya m'madzi ozizira naiyesa nsembe, kuti amasiye akhale ndi mau ogwira. Ena anganene kuti anafewetsa cinthu coyenera mkwiyo, ndipo ine sindiwatsutsa konse. Koma onani cotsatira cace: lero South Africa iri ndi mendulo ya kulimba mtima yochedwa ndi dzina la Mendi, ndipo mu 2018 Theresa May, amene anali nduna yaikuru ya Britain, anapereka belu la sitimayo m'manja mwa Pulezidenti Cyril Ramaphosa. Ife kuno tinali ndi amtengatenga athu pa nkhondo yomweyo, amene anasenza akatundu kunka ku malire a kumpoto, nafa ndi njala ndi nthenda m'njira. Tidzifunse tokha ngati mwana wa sukulu wa ku Kitwe kapena ku Chipata angachule tsiku limodzi kapena malo amodzi a imfa yao.

Tsiku limene Mqhayi akumbukiridwa nalo koposa linadza mu 1925. Caka cimeneco Prince of Wales, mwana wamkuru wa Mfumu George V, amene pambuyo pace anakhala Edward VIII, anayendera maiko a kuno kumwera, nafika ngakhale kwathu, ku Livingstone ndi ku Broken Hill, imene lero ndi Kabwe. Kuli konse anamkonzera mosamala: mafumu atabvala za ulemu, ana a sukulu ndi timbendera, makalata a moni odzaza ndi mau a kumvera. Ku King William's Town, pamaso pa khamu la Axhosa ndi mafumu ao, Mqhayi anaimirira kuti amlandire mlendoyo monga mwa mwambo. Anayamba monga imbongi iyamba, ndi kumpatsa dzina la ulemu la Cixhosa monga apatsa mfumu. Koma atafika pa dziko la mlendoyo mau anatembenuka. Anawerenga zimene Britain inabweretsa kwa Axhosa, ndipo pambali pa cabwino ciri conse anaikapo coipa cimene cinadza naco: anakumbutsa anthu kuti mmisyonale anafika ndi msilikali, ndi kuti Baibulo linafika ndi kacasu wa Azungu.

Kumbukirani kuti izi zinanenedwa patapita zaka 12 cikhazikitsire lamulo la malo la 1913, limene linasiyira anthu akuda, ndiwo ocuruka m'dzikomo, magawo ngati 7 mwa magawo 100 a nthaka, ndiponso patapita zaka 8 cimirire Mendi. Munthu amene mu 1916 anauza amuna kuti akathandize Mfumu tsopano anali kuuza mwana wa Mfumuyo cimene anthu analandira. Wina akadanena mau omwewo pa msonkhano wa ndale, apolisi akadalemba dzina lace. Mqhayi anawanena pa tsiku la cikondwerero ca Boma, masanasana, ndipo anabwerera kwao mwamtendere. Mlendo sanali kumva Cixhosa, koma khamu linamva liu liri lonse. Ine ndiganiza kuti Mqhayi sanamcite cipongwe mlendoyo ai. Anamcitira cimene imbongi icitira mfumu yace yeni-yeni. Popeza Angerezi anati ndiwo tsopano mafumu a Axhosa, anayenera kulandira zonse za ufumu, kutamandidwa pamodzi ndi kutsinidwa khutu.

Pali cinthu cina ca Mqhayi cimene cikhudza ife. Nyimbo ija ya Nkosi Sikelel' iAfrika anaipeka ndi Enoch Sontonga, mphunzitsi wa sukulu ya misyoni pafupi ndi Johannesburg, mu 1897, ndipo inali ndi ndime imodzi ndi kolasi. Mqhayi anaonjezapo ndime 7, zimene zinasindikizidwa mu 1927, zopempherera mafumu, amuna, akazi, anyamata ndi abusa a mtundu. Nyimboyo inayenda ndi anthu a nchito ndi a ndale kunka kumpoto, ndipo maimbidwe ace ndiwo tiimbira nyimbo ya dziko lathu la Zambia kuyambira 1964, ngakhale mau ndi ena. Tanzania icita cimodzi-modzi.

Tiri ndi mboni yabwino ya m'mene Mqhayi anali kuonekera akaima pamaso pa anthu. M'caka ca 1938 anacezera sukulu ya Healdtown, ndipo pakati pa ana a sukulu panali Nelson Mandela, amene anasimba za tsikulo m'buku la moyo wace. Mlakatuli analowa pa khomo limene linali kutsegukira ku nyumba ya mkuru wa sukulu, Dr Wellington, khomo limene ana sanaonepo munthu wakuda akulowera, atabvala cikopa ca kambuku, mikondo m'manja. Ali mkati molankhula, mkondo unagunda waya wa nsaru yochinga, ndipo pomwepo anatenga kangozi kameneko nakasandutsa phunziro: mkondo ndiwo Africa, waya ndiwo za Azungu, ndipo tsiku lidzafika lakuti za Africa zidzapambana. Ananena izi mkuru wa sukulu ndi aphunzitsi Acizungu ali pomwepo. Atatero anagawira mitundu ya anthu nyenyezi za kumwamba, napatsa Azungu gulu lalikuru koposa cifukwa ca umbombo wao, nasungira Axhosa nthanda. Mandela abvomereza kuti anaturuka wosokonezeka: munthu yemweyo amene anamdzutsa kuti adzione ngati mwana wa Africa anamtumizanso kunja akunyadira Uxhosa wace koposa kale. Bvuto limeneli mulidziwa inu a ku migodi. Pamene J. Clyde Mitchell anamvetsera nyimbo za kalela ku Luanshya, nalemba za izo mu 1956, anapeza anyamata ogwira nchito m'tauni imodzi, obvutika ndi zinthu zimodzi-modzi, koma oimba kutama mtundu wao ndi kuseka mitundu yina. Mau amene amanga anthu pamodzi akhozanso kuwapatula, ndipo Mqhayi sanapulumuke ku ici.

Iye anamwalira pa 29 July 1945, naikidwa pa Ntab'ozuko. Zaka zotsatira zinayesa ufulu wa imbongi koposa nthawi ya Angerezi. Boma la tsankho limene linalowa mu 1948 linaika lamulo mu 1951 lakusandutsa mafumu anchito a Boma, olandira malipiro ndi ocotsedwa akakana. Apa muzu wa mwambo unadulidwa. Mfumu imene mpando wace ucirikizidwa ndi apolisi siopa kuthawidwa ndi anthu, ndipo anthu alibenso kothawira. Nanga idzamveranji imbongi? Mu 1960 ku Transkei kunabwera lamulo lina lakuti kupeputsa mfumu ndi mlandu. Ngakhale zinali tero, imbongi zina sizinatonthole. Melikhaya Mbutuma, wa kwa Athembu, imbongi ya mfumu Sabata Dalindyebo, anadzudzula poyera Kaiser Matanzima, amene anabvomera za Boma nakwezedwa nalo, ndipo apolisi anamsautsa cifukwa ca mau ace. Tidziwa za iye cifukwa Archie Mafeje analemba mau acewo nawasindikiza mu 1967. Koma zinaliponso imbongi zimene zinasankha mtendere, zotama mafumu a Boma pa masiku a cikondwerero ndi kusiya theka lina la nchito kunyumba.

Tsono mwambo unasamukanso, ndipo ulendo uno unapita kwa anchito. Alfred Temba Qabula anabadwa mu 1942 ku Flagstaff, kwa Ampondo, ndipo anali woyendetsa makina onyamula akatundu m'fakitale ya matayala ku Durban. Mu 1984 anaimirira pa msonkhano wa anchito nanena izibongo, koma m'malo mwa mfumu anatamanda FOSATU, cigwirizano ca mayuniyoni, monga ngati ndi mfumu yoteteza ana ace. Amuna ocokera ku midzi, amene ambiri a iwo sanali kuwerenga timapepala ta yuniyoni, anamva cinthu cimene anacidziwa kuyambira ubwana, ndipo posacedwa misonkhano ya anchito ndi maliro a ophedwa ndi apolisi zinadzala ndi alakatuli. Mu 1986 ndakatulo za Qabula, Mi S'dumo Hlatshwayo ndi mai Nise Malange zinaturuka m'buku limodzi, Black Mamba Rising. M'zaka zimenezo, pamene atsogoleri ambiri anali m'ndende kapena kunja kwa dziko, ena a iwo kuno ku Lusaka, mlakatuli anali kunena pa bwalo la mpira zimene nyuzipepa inaletsedwa kusindikiza.

Ufulu utafika, ndakatulo inalowa pa khomo la kutsogolo. Pa 10 May 1994, tsiku lolumbiritsa Mandela ku Pretoria, imbongi ziwiri, Zolani Mkiva ndi Sthembile Mlangeni, zinamtamanda dziko lonse la pansi likuona. Pa 24 May, polankhula ku Nyumba ya Malamulo, Mandela anawerenga ndakatulo ya Ingrid Jonker, mkazi wa Cibunu amene anafa mu 1965, yonena za mwana wophedwa ndi asilikali ku Nyanga. Kunakhala mwambo wakuti Pulezidenti polowa kukatsegula Nyumba ya Malamulo atsogozedwe ndi imbongi, caka cino ya cinenero ici, caka ca mawa ya cina. Boma linaikanso udindo wa mlakatuli wa dziko, naupatsa Mazisi Kunene mu 2005, Keorapetse Kgositsile mu 2006 ndi Mongane Wally Serote mu 2018. Pa maukwati, pa maliro, pa masiku olandira masatifiketi ku mayunivesite, ngakhale m'zolengeza malonda pa wailesi ndi pa kanema, izibongo zimveka. Sindikhulupirira kuti inalipo nthawi yina imene imbongi inaoneka ndi anthu ambiri cotere.

Koma ndikaiona imbongi ya pa khomo la Nyumba ya Malamulo, mtima wanga sukhazikika. Munthuyo asankhidwa ndi akuru a Nyumbayo, apatsidwa mphindi zace zowerengeka, ndipo akatha anthu aomba m'manja, nkhani ya tsikulo ndi kuyamba. Cikopa ndi comweco, liu ndi lomwelo, koma ndi kawiri-kawiri bwanji pamene Pulezidenti amva m'kamwa mwace kanthu kamene sanafune kumva? Pa 16 August 2012 apolisi anawombera anchito a m'migodi ku Marikana, nafa amuna 34, ambiri a iwo ocokera ku dziko lomwelo la Mqhayi. Ndikadakonda kudziwa cimene munthu amene anawerengera Prince of Wales za Baibulo ndi kacasu akadanena pa khomo limenelo caka cotsatira. Sindinena kuti odzudzula anatha ai. Alipo, m'nyimbo za anyamata, m'mabwalo a ndakatulo a m'matauni, pa intaneti. Koma iwo alankhula kutali, mfumu palibe, ndipo mfumu ikhoza kunena kuti sinamve. Mphamvu ya imbongi yakale inali yakuti wotama ndi wodzudzula anali munthu mmodzi, pa bwalo limodzi, mfumu iri cikhalire osatha kucoka. Mkiva, mnyamata wa 1994 uja, analowa yekha m'Nyumba ya Malamulo mu 2019 monga membala wa cipani ca ANC. Qabula anabwerera ku mudzi kwao, namwalira mu 2002 ali wosauka, wokhumudwa ndi m'mene atsogoleri anaiwalira anchito amene anawakweza.

Za Mqhayi mwini, zolemba zace zambiri za m'manyuzipepa zinayamba kusonkhanitsidwa m'mabuku iye atagona m'manda zaka zoposa 60. Buku la mbiri zimene analemba za anthu a mtundu wace, Abantu Besizwe, linaturuka mu 2009. M'mwezi wa February 2021 Boma linasintha maina a matauni ena a m'cigawo cimeneco. King William's Town, kumene anaima pamaso pa mwana wa Mfumu, inachedwa Qonce, dzina limene Axhosa anali kuichula nalo kuyambira kale. Tauni ya Berlin, imene inalandira dzina lace kwa Ajeremani amene anakhazikika kumeneko m'ma 1850, inachedwa Ntabozuko.